Chifuwa cha Wogwira Ambulera ya Mfumu

M'dziko la Tsekanipo, lomwe simungalipeze pamapu chifukwa ojambula mapu adawabweza pachipata, munthu sankatsutsa mfumu ndi pakamwa. Makolo a kumeneko adaona kuti pakamwa pamaitana maliro, ndiye adakonza njira yaulemu. Mfumu ikalankhula zosamveka pabwalo, munthu wamkulu ankangotsokomola kamodzi, kho, ndipo mfumu inkadziwa kuti yaponda poterera, n'kubweza mawu popanda wochita manyazi. Mwambowu udayenda bwinobwino mpaka pamene adalowa ufumu Mphunosalota Wachiwiri, munthu amene chibadwire sadabwezepo mawu. Iyeyu adalamula kuti wotsokomola pamaso pake ndi woukira boma, ndipo malo ake ndi ku Chimphepo, phiri la kumalire kumene ankatayako anthu ovuta.

Lamulo limeneli silidamusowetse tulo Nangozo, ngakhale kuti amuna ake, a Chagunda, ndiwo ankagwira ambulera ya mfumu. Ntchito yawo idali kuima kumbuyo kwa mfumu, pakamwa pawo pafupi ndi khutu lachifumu, kuyambira potuluka mpaka polowa. Koma a Chagunda adali munthu wosatsutsa. Ngakhale wowaponda chala ankamupepesa ndi iwo. Ntchito imeneyi ndiyo idawapatsa nyumba ya boma, ya malata ndi simenti, ndiponso ndiyo inkachititsa kuti Nangozo akafika pamaliro amayi anzake amusunthire mkeka. Mkekawo ankaukonda, tisanamizanepo, koma a Chagunda ankawakonda kuposa mkeka.

Zinthu zidasokonekera mfumu itabwerako ku ulendo wa kunja. Kumeneko idagona m'nyumba ya alendo ya mazenera osatseguka, momwe kanthu kena kapakhoma kankalavula fungo la maluwa kokha, fuu, popanda wokatuma. Itafika kwawo idaitanitsa bwalo isadavule ndi nsapato zomwe.

"Anthu anga," idatero mfumu, "chitukuko ndachipeza. Ife takhala tikuchidikira ndi maso, kumayang'ana misewu, kumayang'ana milatho, osadziwa kuti anzathu chimawalowera m'mphuno. Kuyambira lero nyumba iliyonse izinunkhira. Pansi polishi, m'mwamba mankhwala opopera, pakona koyilo ya udzudzu. Mazenera akhomedwe ndi misomali, mipata ya kudenga itsekedwe ndi nsanza, kuti chitukuko chathu chisamatuluke n'kumakanunkhirira anthu a maiko ena amene sanachikhetsere thukuta."

Nduna zidaomba m'manja. Wotsokomola padalibe.

Mfumu idasankha mlamu wake, a Tidyenawo, kukhala Nduna ya Zafungo, ndipo mwamwayi chabe, mwamwayi ndithu, a Tidyenawo adali atangotsegula sitolo ya polishi ndi zopopera sabata yomweyo. Vuto lidali limodzi. Bambowa adakulira fodya wamphuno, moti mphuno yawo idafa kalekale, inkangokhala pankhope kuti magalasi apeze pokhala. Akalowa m'nyumba n'kusamva kanthu, ankati eni ake ndi adani a chitukuko. Kuti amve, pankafunika fungo loti ntchentche ikalowa igwe chagada. Ndiye anthu ankapopera mpaka a nduna atulutse msozi, pamenepo m'pamene ankagwedeza mutu n'kunena kuti banja ili latukuka.

Kumsika wa Tingovomera nkhani idali yomweyo. Nangozo adapita kukagula makala kwa Nasoko, mayi wa pakamwa pakuthwa, amene mfumu ikadamumva bwenzi ali kuphiri kalekale.

"Chitukuko chikukuyenderani bwanji kwanuko, mayi a ku ambulera?" adafunsa Nasoko uku akuthira makala m'jumbo.

"Ife tili patsogolo. A nduna atalowa kwathu dzana analira maso onse awiri."

"Mwachita mwayi. Kwathu mphemvu zinatuluka pamzere, makoswe pambuyo, galu ndiye anatsanzika bwinobwino. M'nyumba tatsalamo ndife okhala ndi nzeru."

"Ndiye kuti mankhwalawo ndi amphamvu."

"Amphamvu zedi. Apongozi anga anasiya kulongolola. Amati akatsegula pakamwa n'kutsekanso okha."

Atatero Nasoko adaweramira m'chitenje n'kutsokomola mobisa, poti makutu a mfumu ankagulanso tomato pamsika womwewo. Msika wonse unkachita chimodzimodzi, moti mlendo akadaganiza kuti anthu a ku Tsekanipo amakonda kunong'onezana ndi makhwapa awo.

Nangozo za m'mbali sankazimva. Mkazi wa wogwira ambulera akapanda kutsogolera, atsogolere ndani? Simenti ya m'nyumba mwake inkamwa polishi wofiira m'mawa ndi madzulo mpaka kuchita waliwali. Kuchimbudzi ankasakaniza mankhwala oyeretsera a mitundu iwiri, amene akakumana ankatulutsa kautsi kobaya m'maso, iye n'kumati ndiye kuti akugwira ntchito. Mutu unkamuwawa tsiku lililonse, koma ankati ndi mmene umakhalira mutu wa munthu wotukuka.

Kenako a Chagunda adayamba kutsokomola. Poyamba kadali kachifuwa kaulemu, kam'mawa kokha. Posakhalitsa m'chifuwa mwawo mudayamba kulira ngati mwagona mwana wa mphaka, ndipo pokwera kamtunda ka kunyumba ya mfumu ankaima panjira atagwira maondo. Nangozo adagwidwa mantha. Chifuwa chimenechi chikadzatulukira kuseri kwa khutu la mfumu, amuna ake adzapita ku Chimphepo, ndipo munthu wa chifuwa chotere kukamugoneka pamphepo ya paphiri n'chimodzimodzi kumukumbira manda.

Pajatu ku Tsekanipo ngakhale mwana amadziwa kuti chifuwa chimabwera ndi mphepo. Amayi ake a Nangozo ankanena choncho, azakhali ake ankanena choncho, ndipo onsewa adafa akutsokomola m'makhitchini otseka bwino, umene udali umboni wakuti mphepo ndi yochenjera. Ndiye Nangozo adayamba kusaka mphepo m'nyumba mwake. Kabowo ka kiyi adakatseka ndi thonje. Pansi pa chitseko adatsinyirapo chiguduli. Mbaula, yomwe kale inkakhala pakhonde, adailowetsa kuchipinda kuti wodwala amve kufunda, ndipo makala akakana kuyaka ankakolezera majumbo ndi patapata wakutha. Koyilo ankayatsa ziwiriziwiri, kuopa kuti udzudzu ungaonjezere malungo pamwamba pa chifuwa. Utsi m'nyumbamo udali tolo, moti mwamuna ndi mkazi ankapezana ndi mawu.

"Mayi a Sigele," adatero a Chagunda kwa mkazi wawo tsiku lina, mawu akutuluka modukaduka, "bwanji titsegule kachitseko, pang'ono pokha?"

"Kuti mphepo ikumalizeni? Mwatopa nane eti, mukufuna ndivale zakuda?"

"Ayi, ndimangoti kuntchito, panja paja, ndimapezako bwino."

"Ndi mphamvu ya chisamaliro cha kunyumba imeneyo, imakuperekezani. Fundani bulangeti, bambo a Sigele."

A Chagunda adafunda. Tanena kale kuti munthuyu sankatsutsa.

Kubwalo nako nduna sizidagone. Nduna ya Zachitetezo idafotokoza, nkhope ili ndwii, kuti mtima woukira wafala m'dziko, makamaka pakati pa makanda ndi nkhalamba, ndipo choopsa n'chakuti amaukira kwambiri akakhala m'nyumba zawo. Bwalo lidakambirana tsiku lonse n'kupeza kuti anthuwa chitukuko chikuwachepera. A Tidyenawo adadzipereka kuitanitsa zitini zazikulupo.

Za chifuwa cha amuna ake pabwalo, Nangozo adazipezera nzeru yake. Adayamba kukhala kutsogolo kwa amayi pabwalo, maso ali pa a Chagunda. Mapewa awo akangoyamba kukwera, kusonyeza kuti chifuwa chikubwera, iye ankaimba nthungululu yogonthetsa m'khutu, amayi ena n'kulandira osadziwa chomwe akukondwerera, ndipo a Chagunda ankatsokomolera m'kati mwa phokosolo. Nzeruyo idagwira, kungoti chifuwa sichisankha mawu. Mfumu idalulutiridwa polengeza kuti mlatho wagwa. Idalulutiridwanso, kwambiri ndithu, polengeza kuti ng'ombe yake yapamtima yafa. Idadabwa pang'ono, kenako idauza nduna kuti anthu ake tsopano akhwima, akudziwa kulandira mavuto ndi chimwemwe.

Ndiye kudabwera tsiku lotsegulira bwalo latsopano. Mfumu idati n'zamanyazi kuweruza milandu pansi pa mtengo, pomwe mphepo imangodutsa osapereka moni, choncho idamangitsa chinyumba chopanda zenera ndi limodzi lomwe. A Tidyenawo adakhuthuliramo sitolo yawo yonse. Anthu adalowa, zitseko zidatsekedwa, ndipo a Chagunda adatambasula ambulera pansi pa denga, poti ulemu wa mfumu sudalira dzuwa.

Mfumu idalankhula za mbiri ya fungo kuyambira nthawi ya makolo. Anthu adali phee, masaya otupa, misozi ili chuchuchu, aliyense akulimbana ndi kanyerere ka pakhosi pake. Nduna ina yokalamba idakomoka mwaulemu, osatulutsa mawu, ndipo mfumu idailoza n'kunena kuti onani munthu amene chitukuko chamufika pamtima. Pamenepo Nangozo adaona mapewa aja akukwera. Adakoka mpweya kuti alulute, koma mpweya umene adakokawo udali wa a Tidyenawo. Udamukanda pakhosi, udamutsamwitsa, ndipo adadziwa kuti akangotsegula pakamwa chituluke si nthungululu. Adatseka pakamwa ndi manja onse awiri.

"Alipo kodi," idafunsa mfumu, "amene akuona kuti ndalakwitsa?"

A Chagunda adayankha. Sichidali chifuwa cha kamodzi chija cha makolo ayi. Chidachokera kuzidendene, chidagwedeza ambulera, chidagwetsa chisoti cha mfumu, chidapumula pang'ono n'kuyambiranso. Oweruza atakhala pansi adapeza kuti munthuyu watsutsa mawu onse a tsikulo, a chaka chatha, ndiponso ena amene mfumu idali isadanene. Dzuwa lisadapendeke adali atawakweza pangolo ya ku Chimphepo.

Nangozo adalira mpaka maso kutupa. Ankadziimba mlandu kuti khosi lake lapereka amuna ake, ndipo akatsinzina ankawaona ali gone pamwala, mphepo ikuwalowa m'nthiti. Chilolezo chokawaona chidachedwa, monga zichedwera zinthu zonse zaulere ku Tsekanipo. Chitatuluka adathamangira kwa Nasoko kukagula makala a paulendo.

"Mukawapatse moni amuna anga," adatero Nasoko. "Anawatenga mwezi watha, anatsokomola gulu la mfumu likudutsa. Ndikumva kuti akunenepa."

"Si kunenepa kumeneko, mayi, n'kutupa. Mphepo imatero ikafika pamapeto."

"Kaya. Akuti akudya mbale ziwiri. Kutupa kwake n'kwa njala."

Nangozo adamuyang'ana mnzakeyo momumvera chisoni. Kunyumba adamanga mtolo wa mbaula, makala, koyilo, nsanza zotsekera mipata, ndi chitini chachikulu chopopera. Adasenza n'kuyamba kukwera phiri, njira yonse akudzilimbitsa mtima kuti akapeza munthu wotsala mafupa okhaokha.

Pamwamba adapeza misasa ya udzu yopanda zitseko, mphepo ikulowa uku n'kutulukira uko ngati kwawo. Oukira boma adalipo ambirimbiri, ena akupalira mbatata ya kachewere, ena akuphika panja. Panjira yochokera kuchitsime kunkabwera bambo wina atanyamula zidebe m'manja monse, akukwera mtunda uku akuimba mluzu. Adali a Chagunda.

"Mayi a Sigele, mwafika? Tulani, tulani."

Nangozo adatula. Adawazungulira amuna akewo, kenako adatsamiritsa khutu pachifuwa pawo. M'chifuwamo mudali zii.

"Mphaka uja ali kuti?"

"Anachoka yekha, masiku oyamba omwe."

"Akukumwetsani mankhwala anji?"

"Palibe. Timangopuma."

"Pamphepo pano?"

A Chagunda adayang'ana mtolo, adayang'ana mkazi wawo, ndipo poti adali munthu wachifundo, adayang'ana kumwamba.

Nangozo adakhala pamwala. Choyamba adapsa mtima, chifukwa zimawawa kusamalira munthu ndi mtima wako wonse iye n'kukachirira kwina. Kenako mkwiyo udatha, padatsala manyazi, olemera kuposa mtolo umene adakwera nawo. Adakumbukira majumbo aja akusungunuka pamakala, bambo uyu akupempha kachitseko. Mtolo adaukankhira kuseri kwa msasa osaumasula. Atagona kumeneko masiku angapo adadzuka m'mawa wina akufunafuna chimene chasowa m'thupi mwake, mpaka adazindikira kuti mutu uja wasiya kuwawa.

Koma mtendere ku Tsekanipo suchedwa kumveka kulikulu. Kumusi zinthu zidali zitavuta. Wogwira ambulera watsopano adali wamfupi, ankangoikola mfumu m'diso ndi mawaya a ambulera, komanso omvera zolankhula adali atachepa poti theka la mzinda lidali kuphiri. Choncho mfumu idagwidwa chifundo. Kudafika mesenjala wake, dzina lake Yobe, ndodo yachifumu dzanja ili, ambulera dzanja linalo, ndipo oukira onse adawasonkhanitsa.

"Ndodo iyi ndi mfumu," adatero Yobe, akupuma movutikira. "Mfumu yati yakhululuka. Aliyense amene chifuwa chake chalapa abwerere kwawo lero. A Chagunda, oyamba ndinu. Nyumba yanu ikukudikirani. A nduna akhala akuipopera tsiku ndi tsiku osatsegula, kuti mukapeze chitukuko chonse chimene munaphonya."

Pabwalopo padagwa chisoni cha pamaliro. Ena adayesa kutsokomola kuti aoneke osalapa, koma chifuwa chochira chimatulutsa timawu topanda mafupa.

"Musandipusitse," adatero Yobe. "Ine ndikuchokera kumene kuli zifuwa. Izi n'zongopeka. A Chagunda, tayesani inu."

A Chagunda adayesa, mokhulupirika ndithu. Chidatuluka ndi kamawu kaja ka munthu wofuna kudziwitsa anzake kuti m'bafa muli munthu. Yobe adapukusa mutu n'kuwapatsira ambulera. Iwo adailandira ndi manja awiri, poti kukana sadakuphunzire, kenako adatembenuka kuyang'ana mkazi wawo. M'maso mwawo mudali mantha a munthu amene akumubweza kumene adatsala pang'ono kufera.

Nangozo adaiona nyumba ija m'maganizo, malata ake, simenti yake yofiira. Adaifuna, abale, adaifuna mpaka m'mimba. Kuphiri kuno mvula ikagwa mphasa imanyowa, ndipo palibe amene amasamala kuti iye ndi mkazi wa yani. Adaimirira n'kupita kuseri kwa msasa, anthu n'kumva mfundo ya mtolo ikumasulidwa. Adabwerako ndi chitini chija akuchikhutchumula.

"Pepani a mesenjala," adatero atagwada pang'ono, "munthu sabwerera kuntchito ya mfumu akununkha thengo. Bambo a Sigele, tayandikirani kuno ndikutukuleni."

Adapopera m'mwamba pakati pa a Chagunda ndi ndodo, fuuu, osaumira. Chifuwa chimene chidatuluka pamenepo chidali chenicheni, cha kulikulu, chokhala ndi mizu. A Chagunda adapinda msana, ambulera idagwa, ndipo adaitsokomolera ndodo yachifumu kuyambira kumutu mpaka kunsonga. Mphepo nayo, poti ilibe mbali, idatengako kamtambo kaja n'kukamugawira Yobe. Mesenjala adalimbana nacho, adatupa, adayang'ana ndodo ili m'manja mwake, kenako chidamuphulika chifuwa chimene adachisunga chichokereni kwawo.

Atamaliza adapukuta misozi, adaitsamiritsa ndodo pamtengo mwaulemu wonse, n'kunena kuti, "Mwaona nonse kuti ndaukira. Msasa wopanda mwini ulipo?"

Oukira ena adali atandanda kale kudikira chitini. Nangozo adachipereka kwa woyamba pamzere.

"Muzipopera pang'onopang'ono, musamalize," adatero. "Mfumu yathu ndi yachifundo, ikhululukanso."

Kenako adawagwira dzanja a Chagunda, adawakokera kumene kunkachokera mphepo, adawakhazika pansi n'kumawasisita pamsana. Zidatenga nthawi kuti mpweya uyambe kulowa bwino, ndipo nthawi yonseyo mtima wa Nangozo udali m'mwamba.

"Mayi a Sigele," adatero a Chagunda atapeza mawu, "mukanandipha."

"Kukuphani ndinkakuphani kunyumba kuja, polishi ali waliwali," adatero Nangozo. "Khalani chete, muzipuma."